Kufalitsanso mabuku akale a symfony 1: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa anthu amene asiyiridwa pulogalamu yakale ya symfony 1 kuti aziisamalira, ndipo aganiza zosunga mabuku ake pamalo awoawo: pa webusaiti, pa seva ya mu ofesi, kapena pa laputopu kuti aziwerenga ngakhale netiweki itavuta. Kukopera kokha si ntchito yoti n'kutulukira thukuta. Pamene anthu amapunthwa ndi pawiri. Poyamba amayesa kuti laisensi ya code ndi yomwenso ikulamulira mabuku. Kachiwiri amalephera kuugwira mtima, n'kuyamba kukonza zimene zinalembedwa zaka zoposa 15 zapitazo.

Kodi symfony 1 ndi chiyani, nanga ikusiyana pati ndi Symfony ya masiku ano?

Ndi framework (maziko a code okonzedwa kale omangirapo mapulogalamu a pa webusaiti) ya chinenero cha PHP, imene Fabien Potencier anailemba ku kampani ya Sensio ku France, n'kuitulutsa poyera mu Okutobala 2005 pa laisensi ya MIT. Version 1.0 inatuluka mu Januwale 2007, 1.1 pakati pa 2008, 1.2 chakumapeto kwa chaka chomwecho, ndipo 1.3 ndi 1.4 zinatulukira pamodzi chakumapeto kwa 2009. Chitsirizira ndi 1.4. Eni ake anaisamalira zaka 3, mpaka Novembala 2012, n'kutsekera pa 1.4.20.

Symfony 2, imene inabwera mu Julayi 2011, inalembedwa mwatsopano kuyambira pa maziko. Chimene ziwirizi zikufanana ndi dzina basi, ndipo ngakhale dzinalo kalembedwe kake kanasintha: yakale imayamba ndi s wamng'ono, yatsopano ndi S wamkulu. Choncho mukakumana ndi `sfActions`, `generator.yml` kapena `schema.yml`, buku la Symfony ya lero silikuuzani kanthu. Mufunika buku la nthawi yomweyo.

Ngati eni ake anaisiya mu 2012, akufunabe mabuku ake ndani?

Ambiri kuposa mmene mungaganizire. Pa nthawi yake framework imeneyi inali ya ulemu wake: Yahoo! anamangirapo mawebusaiti ake a Bookmarks ndi Delicious. Mapulogalamu ena otchuka anakhalabe pa 1.4 kwa zaka zambiri eni framework atasamuka. AtoM, imene malo osungira zolemba zakale amagwiritsa ntchito polongosola zimene akusunga, inamangidwa pa symfony 1. OrangeHRM, ya kaundula wa antchito, nayo inakhala pa symfony 1 nthawi yaitali isanalembedwenso.

Koma gulu lalikulu ndi la mapulogalamu opanda dzina, amene munthu mmodzi analembera ofesi imodzi cha m'ma 2010, iye n'kupeza ntchito kwina. Pulogalamuyo ikugwirabe ntchito, malipoti akutuluka mwezi ndi mwezi, ndipo bwana saona chifukwa chotayira ndalama kuilembanso. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Tsiku limene yadwala, amaitana munthu amene mu 2009 anali ku pulayimale. Munthu ameneyo ndiye mukumusungira mabukuwa.

Mabuku ake ndi ati kwenikweni?

Si buku limodzi, ndipo izi muzikumbukire pamene tikufika pa malaisensi. Pali Askeet, phunziro la masiku 24 limene linkatuluka tsiku ndi tsiku mu Disembala 2005. Pali The Definitive Guide to symfony, la François Zaninotto ndi Fabien Potencier, limene Apress inasindikiza mu 2007 ndipo limanena za 1.0. Pali Jobeet, la masiku 24 nalonso, la mu Disembala 2008, limene linasindikizidwa ndi mutu woti Practical symfony, linalembedwera 1.2, kenako analikonzanso kuti ligwirizane ndi 1.4, ndipo lili pawiri, lina la Propel lina la Doctrine, zida ziwiri zolumikizira code ndi database zimene zimatchedwa ORM. Pali More with symfony la mu Disembala 2009, lolembedwa ndi anthu angapo. Pali A Gentle Introduction to symfony, limene ndi Definitive Guide yemwe uja atamukonzera 1.4. Kenako buku lofotokoza limodzilimodzi mafayilo a YAML, amene amasunga makonzedwe a pulogalamu, buku la mafomu, ndi timalangizo tatifupitifupi. Ambiri mwa amenewa anamasuliridwa m'Chifalansa, Chitaliyana, Chisipanishi, Chijapani ndi zinenero zina.

Si kuti alipo kale pa symfony.com? Ndivutikirenji?

Alipo, m'chigawo cha legacy, ndipo ngati intaneti yanu ndi yodalirika werengani komweko. Zifukwa zosungira anuanu ndi zitatu. Seva zambiri za mu ofesi zili mkati mwa netiweki yotsekedwa, ndipo tsiku limene zinthu zasokonekera ndi lomwenso bandulo imatha. Chachiwiri, zinthu pa intaneti zimasamuka: mabukuwa kale anali pa symfony-project.org, ndipo malinki ambiri olembedwa nthawi imeneyo lero safika pamene ankafika. Chachitatu, pa kope lanu mutha kuikapo ndemanga za zimene mwapeza poyendetsa code yakale pa PHP yatsopano. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wa pachala ngwa mphepo.

Poti ndi open source, sindingangokopera chilichonse osafunsa munthu?

Ayi. Laisensi ya MIT ndi ya code ya framework. Buku lililonse lili ndi laisensi yakeyake, ndipo muyenera kuiwerenga pa bukulo musanakopere ngakhale tsamba limodzi. Nthawi zambiri imalembedwa pansi penipeni pa tsamba kapena m'mutu womaliza.

Definitive Guide anaitulutsa pa GNU Free Documentation License, imene anthu amangoti GFDL, ndipo Gentle Introduction, pokhala mwana wake, inatengera yomweyo. Jobeet ili pa Creative Commons Attribution-Share Alike 3.0. Musanyengedwe ndi mawu oti Creative Commons okha, chifukwa malaisensi a banja limeneli ndi angapo ndipo salola zofanana. Mukaona zilembo NC, ndiye kuti simuloledwa kupangira ndalama. Mukaona ND, muloledwa kugawa monga momwe zilili koma osati kugawa zimene mwasintha, ndipo kumasulira kumawerengedwa ngati kusintha.

Nanga tsamba limene silikutchula laisensi iliyonse? Pamenepo ndiye poopsa kwambiri, ngakhale kuti pamaoneka pomasuka. Pa pangano la Berne, limene France ndi Malawi onse ali mamembala, umwini wa zolemba umayamba wokha munthu akangolemba, popanda kulembetsa kulikonse, ndipo umakhalapo kwa moyo wonse wa wolemba kuwonjezerapo zaka zosachepera 50. Ku France ndi 70. Kukalamba kwa pulogalamu sikuchotsa umwini. Webusaiti ikafa, umwini suikidwa nayo m'manda. Mwini akakhala kuti sananene kanthu, sanakuloleni.

GFDL ndi CC BY-SA zikufuna kuti ndichite chiyani?

Ngati mukufalitsa buku la GFDL osasintha kanthu, zofunika ndi zochepa: laisensi yonse ikhale limodzi ndi bukulo, mawu osonyeza eni ake asachotsedwe, ndipo musawonjezerepo malamulo anuanu kapena maloko oletsa ena kukopera. Mukasindikiza makope a papepala oposa 100, muyenera kupereka kapena kulozera fayilo imene munthu angathe kuisintha, osati PDF yotsekedwa yokha.

Mukasintha mawu, katundu amachuluka. GFDL imati kope losinthidwa likhale ndi mutu wosiyana ndi wa buku loyamba pokhapokha eni ake atalola, litchule amene asintha pamodzi ndi olemba oyamba, ndipo m'chigawo cha mbiri ya bukulo muwonjezeremo mzere wonena chaka, mutu watsopano ndi wofalitsa. Kope lanulo likhalanso pa GFDL.

CC BY-SA ndi yopepukirapo: tchulani wolemba ndi mutu, lozerani ku laisensi ndi kumene mwatenga, nenani poyera ngati mwasintha, ndipo zimene mwasinthazo muzitulutse pa laisensi yomweyo. Zonsezi zimakwana pa mizere itatu pansi pa tsamba lililonse. Ndikuti lililonse chifukwa wowerenga safikira pa khomo lakumaso. Google imamuponya pakati pa mutu 14, ndipo pomwepo ayenera kuona kuti analemba ndani.

Ndingaphatikize mabuku onse kukhala buku limodzi lalikulu?

Kuwaika pa webusaiti imodzi, lililonse m'foda yake ndi laisensi yake, n'kololedwa. Malaisensi onse awiri amalola kusonkhanitsa ntchito zoima pazokha. Chosaloledwa ndi kusakaniza: kutenga ndime za Gentle Introduction n'kuzilukira mkati mwa Jobeet kuti patuluke buku latsopano. GFDL ikufuna kuti chotulukacho chikhale cha GFDL, CC BY-SA nayo ikufuna kuti chikhale chake, ndipo simungakondweretse onse awiri.

Ena amakumbuka kuti Wikipedia inachoka pa GFDL kupita pa CC BY-SA, n'kumayesa kuti nawonso angatero. Khomo limenelo linatsegulidwa ndi GFDL 1.3 mu Novembala 2008, linali la mawebusaiti a mtundu wa wiki okha, ndipo linatsekedwa pa 1 Ogasiti 2009.

M'mabukumu muli malangizo amene lero ndi olakwika, ena ndi oopsa ndithu. Ndiwakonze?

Funso ili ndilo lalikulu pa onse, ndipo yankho langa ndi loti mawu a m'buku musawakhudze. Konzani zowazungulira.

Taganizirani amene akuwerenga. Sakufuna kuphunzira mmene webusaiti imamangidwira masiku ano. Zimenezo akuzidziwa kale, mwinanso kuposa inu. Akufuna kumvetsa chimene chinali m'mutu mwa munthu amene analemba code imene ili patsogolo pakeyo. Wolemba uja ankatsatira buku monga linalili mu 2009. Buku likati lamulo la `project:permissions` limaika chmod 777 pa mafoda a `cache` ndi `log`, wowerenga wathu amadziwa msanga chifukwa chake mafodawo ali otseguka pa seva imene walandira. Likati sfGuard, plugin yosamalira kulowa kwa anthu mu pulogalamu, imabisa mapasiwedi ndi njira yakale ya sha1, amadziwa chimene chili mu database. Inu mukachita chifundo n'kufafaniza sha1, n'kulembapo njira yatsopano ya `password_hash`, iye apita mu code, sapezamo zimenezo, ndipo ayamba kukayika kuti mwina wina anasokoneza pulogalamuyo kapena akuwerenga buku la version ina. Komanso `password_hash` inabwera ndi PHP 5.5 mu 2013, symfony 1.4 itasiyidwa kale. Mwalemba mbiri yabodza, ngakhale munali ndi mtima wabwino.

Ine zolakwika ndimazigawa patatu. Pali zimene zawonongeka posamutsa: chithunzi chosaoneka, zilembo za Chifalansa kapena Chijapani zimene zasanduka nyerere chifukwa seva sikunena kuti ndi UTF-8, code imene mizere yake yaphwanyika. Izi konzani mosafunsa, chifukwa mukubwezeretsa bukulo mmene linalili. Pali zimene zinali zoona nthawi imeneyo koma lero n'zoopsa kapena sizigwira: zisiyeni, muike ndemanga m'bokosi looneka mosiyana, yokhala ndi deti ndi mawu osonyeza kuti ndi yanu, osati ya wolemba. Ndiye pali zimene zinali zolakwika kuyambira kale, monga dzina la method lolembedwa mophonya. Nazonso ndemanga ndi yokwanira: "Apa pakuyenera kukhala chakuti."

Chitsanzo cha ndemanga yothandiza ndi ya `preg_replace`. Code ya symfony 1.4 inkagwiritsa ntchito chilembo e pa function imeneyi m'malo angapo. PHP 5.5 inayamba kudandaula nacho, ndipo PHP 7.0 ya mu Disembala 2015 inachichotseratu. Buku silingadziwe zimenezi. Ndemanga ya mizere iwiri pa mutu wonena za kukhazikitsa framework ingapulumutse munthu tsiku lathunthu. Malo enanso ofunika ndemanga ndi pa `frontend_dev.php`, fayilo imene imaonetsa zamkati mwa pulogalamu kwa wolemba code: kumbutsani wowerenga kuti aone ngati siinasiyidwe yotseguka pa seva ya anthu onse.

Pali phindu linanso. Mukasiya mawu oyamba mmene alili, n'kosavuta kuti wina ayerekeze kope lanu ndi gwero lake n'kutsimikiza kuti simunabise kanthu. Dziwani chabe kuti ndemanga zolowetsedwa mkati mwa tsamba zingathe kuwerengedwa ngati kusintha, choncho tsatirani zimene laisensi ikufuna pa kope losinthidwa. Pa tsamba la ND, ndemangazo muziike pa tsamba lina lapadera n'kungolozerako.

Chenjezo loti izi ndi zakale likhale pati, ndipo linene chiyani?

Pamwamba pa tsamba lililonse, pamalo oti munthu sangalidumphe, ndipo lisakhale lotsekeka ndi kabatani. A Python anachita chimodzimodzi pa zolemba za 2.7, imene inasiya kuthandizidwa pa 1 Januwale 2020, ndipo a Django amatero pa version iliyonse imene yapuma. Linene zinthu zinayi mwachidule: version imene tsambalo likunena, chaka chimene eni ake anasiya kuithandiza, kuti kope ili si la eni framework, ndi kumene munthu angapeze zolemba za Symfony ya lero. Musalembe ndime yonse yolalikira. Chenjezo lalitali anthu amaliona ngati malonda, maso amangodutsa.

Ndisunge ma version onse, kapena 1.4 yokha ikwanira?

Sungani onse amene mungawapeze, ndipo nambala ya version ikhale mu adiresi ya tsamba, pa mutu wake, ndi m'chenjezo lija. Kusiyana kwa 1.0 ndi 1.4 si kwa masewera. Mu 1.0 munkalemba `symfony init-project` ndi `propel-build-model`; kuyambira 1.1 zinakhala `generate:project` ndi `propel:build-model`. Mafomu a `sfForm` anabwera ndi 1.1. Admin generator inalembedwanso mu 1.2. Swift Mailer inalowa mu 1.3. Ndipo 1.3 ndi 1.4 zili ndi zinthu zofanana, kungoti 1.4 inataya zonse zakale zimene 1.3 inkazinyamulabe, kuphatikizapo `sfCompat10Plugin` imene inkathandiza code ya 1.0 kuyendabe.

Izi ndinaziphunzira movutikira. Ndinapatsidwa pulogalamu ya pa ofesi ina, fomu yake ikukana madeti ena popanda chifukwa chooneka. Ndinatha masiku awiri ndikusanthula buku la mafomu, kufunafuna class imene ikukana. Kunalibe. Pulogalamuyo inali ya 1.0, ndipo malamulo a fomu anali m'kafayilo ka YAML m'foda ya `validate`, zimene buku limene ndinkawerenga silinkatchula n'komwe. Kope limene ndinali nalo wina analikopera osalembapo version. Lamulo la `symfony -V` likanandiuza m'sekondi imodzi, koma ndani amafunsa zaka za munthu amene akumuyesa kuti akumudziwa?

Jobeet musunge onse awiri, wa Propel ndi wa Doctrine. Mu 1.4 Doctrine ndiye ankabwera woyatsidwa kale, koma mapulogalamu oyambira ku 1.0 pafupifupi onse ndi a Propel.

Ndikopere masamba a HTML kapena ndiyambire ku gwero?

Yambirani ku gwero. Mabukuwa analembedwa mu Markdown, kalembedwe ka mawu wamba kamene kamasinthidwa kukhala HTML, ndipo mafayilo a ambiri mwa iwo ali pa GitHub m'nkhokwe ya symfony1-docs. Mukaitenga ndi `git clone` mwatenga mawu, zithunzi, zomasulira ndi mbiri ya kusintha kwake nthawi imodzi, ndipo muli ndi fayilo yosinthika imene GFDL imafuna.

Konzekerani chabe kuti Markdown yake ili ndi miyambo yapanyumba imene zida za masiku ano siziidziwa. Chinenero cha code chimalembedwa m'mabulaketi pa mzere woyamba wa chigawo cha code. Mabokosi a NOTE, TIP, CAUTION ndi SIDEBAR amalembedwa ngati mawu ogwidwa. Mawu opita ku index ya buku losindikizidwa amazunguliridwa ndi chizindikiro cha ~. Mu Jobeet, mafayilo amodzi omwewo ndi amene amabala mabuku onse awiri: ndime za Propel ndi za Doctrine zili m'matagi awoawo, ndipo pamene pakuyenera dzina la ORM pali chosungira malo. Mukangoziponya mu chida chosinthira Markdown osayamba mwasefa, wowerenga aona malangizo a Propel ndi a Doctrine atatsatana ngati ndi njira imodzi. Ka script kosefa zimenezi sikatalika, koma mukamaliza tsegulani mitu ingapo muyerekeze ndi maso ndi ya pa symfony.com.

`wget` kapena HTTrack, zida zokopera masamba a webusaiti, ndi za pamene gwero palibe. Zimakoka ndi zosafunika zomwe, monga mamenyu, code yowerenga alendo ndi malinki obwerera ku webusaiti ya eni ake. Mukazigwiritsa ntchito, kokani pang'onopang'ono; seva ndi ya eni.

Chotuluka chikhale HTML wamba, chopanda database, chopanda PHP kumbuyo. Kungakhale kuseketsa anthu kuyendetsa PHP 5, imene inasiya kulandira zigamba za chitetezo kumapeto kwa 2018, n'cholinga chongoonetsa mabuku. Malinki a mkati akhale oyambira pa foda imene tsamba lili, osati pa dzina la webusaiti, kuti foda yonse muthe kuiika pa flash n'kuitsegula pa kompyuta iliyonse.

Malinki akunja ambiri ndi akufa. Nditani nawo?

Musawafufute, chifukwa nawonso ndi umboni. Mabukuwa amalozera ku Trac kumene kunali matikiti ndi wiki, ku Subversion kumene kunali code, ku mndandanda wa ma plugin, ndi ku njira ya PEAR imene anthu ankakhazikitsira framework chida cha masiku ano cha Composer chisanabwere. Adiresi yakale isiyeni ioneke monga mawu, ndipo pambali pake muike linki ya ku Wayback Machine ya Internet Archive, imene imasunga makope akale a mawebusaiti. Posankha kope la kumeneko, tengani la chaka chimene bukulo linalembedwa, osati laposachedwa, chifukwa laposachedwa nthawi zambiri limangosonyeza tsamba lonena kuti zinthu zinasamuka. Pa code, lozerani ku nkhokwe ya symfony1 pa GitHub, kapena ku Software Heritage, nkhokwe ya code imene bungwe la Inria ku France linayambitsa.

Masamba a wiki ndi mafotokozedwe a ma plugin musawakopere mwachisawawa. Analembedwa ndi anthu osiyanasiyana, ndipo plugin iliyonse ili ndi mwini wake ndi laisensi yake. Pamene laisensi sikuoneka, lozerani basi.

Kope langa lizioneka pa Google?

Ngati ndi la mu ofesi, ayi. Ngati ndi la poyera ndipo mawu ake ndi omwewo a pa symfony.com, ikani `rel="canonical"` yolozera ku tsamba la eni ake, kuti musalimbane nawo malo. Mukafuna kuti lisaoneke konse, gwiritsani ntchito `noindex` pa tsamba lililonse. Apa pali msampha: mukatseka masambawo mu `robots.txt`, Google siwatsegula, choncho `noindex` uja siimuona, ndipo adiresi ikhoza kumatulukabe ngati ena akulozerako. Sankhani chimodzi.

Chifukwa chosamalira zonsezi ndi mwana wa sukulu amene walemba "symfony form" n'kugwera pa tsamba lanu la 2008, osadziwa kuti walowa m'nyumba yosungiramo zakale.

Ndingagwiritse ntchito dzina ndi logo ya Symfony?

Dzina litchuleni pofotokoza chimene mabukuwo akunena. Palibe njira ina. Koma dzina ndi logo ndi chizindikiro cha malonda cha eni ake, ndipo malaisensi a mabuku sakupatsani chilolezo pa zimenezo. Logo musaiike pamwamba pa webusaiti yanu, maonekedwe a symfony.com musawatengere, ndipo musagule domain imene ingapangitse munthu kuyesa kuti wafika kwa eni ake.

Nanga kuwamasulira m'Chichewa?

GFDL ndi CC BY-SA zonse zimalola, malinga mutsatire malamulo a kope losinthidwa: kutchula olemba, kunena kuti ndi zomasulira ndi amene wamasulira, ndi kusunga laisensi yomweyo. Pa ND simungafalitse zomasulira popanda chilolezo cha mwini. Mayina a ma class, malamulo olemba pa terminal ndi mauthenga a error zisiyeni mmene zilili, chifukwa ndi zimene munthu adzaziona pa sikirini yake.

Koma mukandifunsa maganizo anga, mitu 24 ya Jobeet m'Chichewa ndi mphamvu zopita pachabe. Amene akusamalira code ya symfony 1 amawerenga kale Chingelezi cha m'mabuku otere. Chimene akusowa ndi tsamba limodzi kapena awiri, m'chinenero chimene amaganizira akapanikizika, lomuuza poyambira: mmene angadziwire version, kumene kuli ma log, chifukwa chake ayenera kulemba `symfony cc` akasintha fayilo ya YAML, ndi mutu wa buku umene ayenera kutsegula pa vuto lakutilakuti. Tsamba limenelo mukalemba nokha ndi lanu, ndipo laisensi mumasankha nokha.

Ndingaikepo malonda kapena kugulitsa makope osindikiza?

Pa GFDL ndi CC BY-SA n'zololedwa. Pa chilichonse chokhala ndi NC, ayi. Kumbukirani kuti chikuto, kasanjidwe ndi logo ya wosindikiza wa buku la papepala si mbali ya zimene munapatsidwa. Inu mwapatsidwa mawu. Kujambula buku la Apress tsamba ndi tsamba n'kumaligawa si chimodzimodzi ndi kupanga lanu kuchokera ku Markdown.

Pali anthu amene akupitirizabe symfony 1. Zolemba zawo ndiziphatikize?

Alipo. Ntchito imene inayambira ku L'Express ku France, n'kupitirizidwa ndi gulu la FriendsOfSymfony1 pa GitHub, imatchedwa 1.5. Imakhazikitsidwa ndi Composer ndipo imayenda pa PHP 7 ndi 8. Kwa ofesi imene singakwanitse kulembanso pulogalamu chaka chino, imeneyo ndiye njira yochokera pa PHP 5. Koma zolemba zake zikhale m'chigawo chawochawo, cholembedwa bwino kuti si za eni symfony oyamba. Mukazisakaniza ndi za 1.4, munthu amene seva yake ili pa 1.4.20 adzafunafuna zinthu zimene mu code yake mulibe.

Ndikufuna kuyamba pulogalamu yatsopano. Ndiphunzirire pa Jobeet, poti anthu amaiyamikira?

Ayi. Kuyamikirako n'koyenera, chifukwa ndi phunziro lolembedwa mwaluso, limene limayamba ndi foda yopanda kanthu n'kumaliza ndi webusaiti yotsatsira ntchito yokhala ndi mayeso, zinenero ziwiri ndi posakira. Ngati mumalemba malangizo a mapulogalamu, liwerengeni muone mmene mnzanu anayalira nkhani. Koma pulogalamu yatsopano muimange pa Symfony imene ikuthandizidwa panopa, ndi zolemba zake za panopa. Linki ya kumeneko ndi imene ili m'chenjezo la pamwamba pa tsamba lija, ndipo muziiyesa kamodzi pa chaka kuti muone ngati ikufikabe.